Zikhomo Zanga M'munda mwa Achemwali

Mkazi wanga atamwalira ndinakhalabe kwawo, cha ku Kabwazi, mpaka tinakolola chimanga chimene tinadzala limodzi. Kenako abale ake anandisudzula monga mwa mwambo. Sanandipirikitse ayi. Anandikhazika pampando, anandithokoza chifukwa cha nyumba imene ndinamanga ndi mapichesi amene ndinaoka, akatekisiti anapemphera, ndipo aliyense analankhula mawu abwino okhaokha. Koma mkamwini ndi tambala wobwereka, ndipo tambala wobwereka, ngakhale alire bwino chotani, tsiku lake lobwerera limakwana. Ndinathira mabuku anga m'thumba la feteleza, ndinamangirira khasu ndi bulangeti pakaliyala wa njinga, n'kuyamba kukwera mtunda wopita kwathu, kuseri kwa Kasina, kumene ndinachoka ndevu zanga zikadali zowerengeka.

Mwana tinali naye mmodzi, wamkazi. Ameneyu sanali katundu woti ndingamangirire pakaliyala. Kwathu kuno mwana ndi wa mbumba ya mayi ake, ndipo amalume ake, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, ananena kuti amutenga akamalizire sekondale kumeneko. Ndinavomera ndi mtima wonse, ngakhale kuti, ndikakumbukira bwino, palibe amene anandifunsa.

Kwathu ndinapeza kuti mudzi unatseka malo anga kalekale, monga udzu umatsekera njira yosapitamo anthu. Anzanga amene ndinkaweta nawo mbuzi anali kuchikamwini m'midzi ina, ena anali kumanda. Minda ya malemu amayi inali m'manja mwa achemwali anga aakulu, monga kuyenera. Iwo anandipatsa kanyumba kamene ankasungiramo mbatatesi ya mbewu, ndi kachigawo ka munda chakumapeto. "Muzilima pamenepa," anatero. Sanati "panu". Ndinamva bwinobwino kuti sanati "panu". Amuna awo, alamu anga, anali munthu wamfupi, wakhama, wosakonda zocheza. Nawonso anali mkamwini monga ndinalili ine, ndipo ndikuganiza kuti akandiona ankaona tsogolo lawo likuyenda ndi miyendo iwiri, n'chifukwa chake sankakonda kundiyang'anitsitsa.

Sukulu ndinalekezera sitandade seveni, koma kuwerenga sindinaleke. Ndi matenda. Ndawerengapo nyuzipepala zokulungira usipa, timapepala ta m'mabotolo a mankhwala a ng'ombe, buku la mapemphero a Chilatini limene sindinamvemo liwu ndi limodzi lomwe, ndiponso theka la buku lofotokoza kaweteredwe ka njuchi kudziko lina lozizira. Theka linalo wina anasutira fodya. Mpaka lero sindidziwa kuti njuchi zija zinatha bwanji. Chifukwa cha matenda amenewa anthu amanditchula kuti "aphunzitsi", ndipo ine ndimavomera, pakuti dzina lonyoza ukalivomera limatha mano.

Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa ndinkakwera pathanthwe la kuseri kwa kanyumba kanga, chifukwa foni imagwira pamenepo pokha. Mphepo ya kuno kumapiri ilibe manyazi, imalowa m'jekete ngati ndi yake. Ndinkakhala pamenepo foni ili m'manja mpaka mwana afulashe, ine n'kuimba. Kuyamba ine kuimba sindinkafuna. Munthu wosudzulidwa akamaimbaimba kunyumba kwa eni mbumba amaoneka ngati akulondola katundu.

Zokamba zathu zinali zazifupi ngati mchira wa mbuzi.

"Mwadzuka bwanji, ababa?"

"Ndadzuka, mayi. Kaya iwe?"

"Ndadzuka."

"Sukulu?"

"Ili bwino."

"Amalume?"

"Ali bwino. Kukuzizira kumeneko?"

"Kukuzizira."

Tikafika pa kuzizira ndiye kuti nkhani zatha. Kale mayi ake ndiwo ankalankhula pakhomo, ife awiri ntchito yathu inali kuseka. Tsopano tinatsala ngati mafuwa awiri, oyang'anizana koma osatha kunyamula kanthu. Ndinkaopa chinthu chimodzi chokha: kuti Lamulungu lina adzaona kuti kufulasha n'kungovutitsa chala, ndipo sadzafulashanso. Bambo wa kuchikamwini alibe chingwe chokokera mwana, kupatula chimene mwanayo wafuna yekha kugwira.

Atalemba mayeso a folomu folo anayamba kukonzekera mayeso ena, olowera kukoleji ina ya zomangamanga. Masana ankapita kwa mphunzitsi wina amene ankasonkhanitsa ana ofuna kulemba mayeso omwewo. Ndiye Lamulungu lina, chisanu chikupita kumapeto, anthu atayamba kusosa m'minda, tinafika pa kuzizira monga mwa masiku onse, koma iye sanatsanzike.

"Ababa, paja inu mumawerenga chilichonse."

"Ngakhale chosandikhudza."

"Masamu a magirafu mumawatha?"

Ndinali ndisanamvepo kuti masamu ali ndi magirafu. Koma aka kanali koyamba, chimwalirire mayi ake, kuti mwanayu andipemphe kanthu.

"Tanena timve," ndinatero, ndi mawu a munthu amene amamwera magirafu tiyi m'mawa uliwonse.

Anawerenga pang'onopang'ono. Panali x, woikidwa pakati pa timizere tiwiri toimirira. Kuphatikiza y, nayenso pakati pa timizere take tiwiri. Zonse pamodzi zikwane folo. Funso linali lakuti, ukajambula malo onse amene akukwaniritsa zimenezi, pamatuluka chinthu chotsekeka. Kodi chinthucho n'chachikulu bwanji? Iye ankati eliya. Ndinatola khala n'kulemba pathanthwe pomwepo.

"Aphunzitsi akuti tiliganizire, adzatifunsa sabata inayo. Anzanga onse ali ndi owathandiza. Amalume amabwera atatopa."

"Lamulungu ndikuuza, mayi."

Tsiku la msika ndinapalasa njinga kupita ku Linthipe. Kuseri kwa ogulitsa kabichi ndi tomato kunali bambo wina amene ankayala mabuku akale pasaka, pamodzi ndi maloko ndi mabatire. Ndinapezapo buku la masamu a kusekondale, lopanda chikuto, ndipo masamba akumapeto, kumene kumakhala mayankho, anali atathothoka onse. Wogulitsayo anati mayankho amachititsa ana ulesi. Ine ndikukhulupirira kuti anakulungira zitumbuwa.

Sabata imeneyo sindinasose. Ndinkakhala pakhonde dzuwa likangotuluka, buku lili pamaondo, chala chikuyenda pansi pa mawu ngati mwana wa sitandade wani. Pang'onopang'ono ndinayamba kuona. Pali mizere iwiri yopingasana, wina wogona, wina woima. Pamene yakumana ndi pa ziro. Ukachoka pa ziro kupita kumanja kapena kumtunda, manambala ndi omwe timawadziwawa. Ukapita kumanzere kapena kumunsi, nambala iliyonse yasenza kamtengo kogona kumaso kwake, kamene amati mayinasi. Malo alionse papepalapo ali ndi manambala awiri, yonena kuti wapita chammbali motalika bwanji, ndi yonena kuti wakwera kapena watsika motani.

Timizere tiwiri tija ndinatipeza pakona pa tsamba lina, m'mawu ochepa. Buku linati nambala ikalowa pakati pa timizereti, imangofunsidwa kuti ili patali bwanji ndi ziro. Kuti ili mbali iti, zilibe ntchito. Mayinasi folo akalowamo amatuluka ali folo. Ndinakondwa kwambiri. Ndinati timizereti tili ngati khomo la tchalitchi, pamene mwamuna aliyense amavula chipewa. Ndiye kuti m'funso la mwana wangali za mayinasi mulibe, zipewa zonse zavulidwa. Tikhale mbali yabwino, ya manambala aulemu.

Koma mutu wanga sukhulupirira chinthu chimene mapazi anga sanachiponde. Ndiponso timabokosi ta m'bukumo tinali tating'ono, ndipo maso anga anayamba kale kuchita zawo. Choncho ndinatenga chingwe cha khonje ndi zikhomo zansungwi zimene ndimayezera mizere ya mbatatesi, monga anatiphunzitsira alangizi, n'kupita kumunda. Mlimi aliyense amadziwa poyambira. Chikhomo choyamba chimakhomedwa pangodya ya munda. Palibe munthu amene amayamba mizere pakati pa munda, pokhapokha atachokera kumowa. Ngodya yanga inali pachitsa cha nkhadze chimene malemu amayi anadzala, ndipo munda wa achemwali unazinga kachigawo kanga kumanzere ndi kumunsi konse. Pachitsa pamenepo ndinakhoma ziro wanga. Malire a kumunsi anakhala mzere wogona, malire a kumanzere anakhala mzere woima. Zinakwanirana bwino kwambiri moti ndinaganiza kuti amene anayambitsa masamu amenewa anali mlimi mnzathu.

Muyeso wanga unali mpini wa khasu. Mipini inayi kutsata malire a kumunsi, chikhomo. Mipini inayi kukwera ndi malire a kumanzere, chikhomo. Ndinamanga chingwe pakati pa ziwirizi. Kenako ndinayesa itatu chammbali ndi umodzi chokwera, chikhomo chinagwera pachingwe penipeni. Iwiri ndi iwiri, pachingwe. Umodzi ndi itatu, pachingwe. Nditaona zikhomo zikufola zokha ngati ana a kwaya, ndinaseka mokweza ndili ndekhandekha, mbuzi ya alamu n'kuleka kudya kuti indiyang'ane. Chimene chinatuluka chinali kamunda ka ngodya zitatu, ndipo buku linati kukula kwa kotere ndi theka la folo kuchulukitsa ndi folo. Eyiti.

Lamulungu ndinathamangira pathanthwe ndisanavule n'komwe nsapato za ku Misa.

"Eyiti, mayi."

Ndinamva mapepala akuthetheka. "Ababa! Eyiti alipo pa mayankho osankhapo!"

"Ndiye ukudabwa chiyani? Ukuyesa dzina la aphunzitsili ndinalitola panjira?"

Anaseka. Ndinali nditaiwala kuti amaseka ngati mayi ake, kuyamba ndi kukoka mpweya ngati watsamwa. Anandifunsa kuti ndinapeza bwanji, ndinamufotokozera za mpini ndi zikhomo, anasekanso, ndipo tinacheza mpaka foni inayamba kulira kuti moto watha. Ndinatsika pathanthwe paja ngati bishopu akutsika paguwa.

Lamulungu lotsatira sanafulashe. Ndinakhala pathanthwe mpaka mthunzi wa phiri unafika pamapazi anga. Ndinadziuza kuti kwawoko magetsi azima, zimachitika m'tauni. Pakati pa sabata ndinakweranso, kungoyesa, ndipo foni itangogwira munalowa uthenga. Munalibe moni. Munali mawu akuti: "Yankho ndi 32. Eyiti anamuikapo dala kuti akole anthu. Ndinaimika mkono n'kunena kuti ababa anga anayeza ndi khasu. Onse anaseka, ndi aphunzitsi omwe."

Ndinauwerenga kangapo, ngati kuti mwina pena ungasinthe.

Lamulungu linanso linadutsa chete, ndi linzake. Masiku amenewo ndi amene ndinadziwa kukula kwake kwa kanyumba kosungiramo mbatatesi. Kunja kamaoneka kakang'ono. Ku Misa ndinkakhala benchi ya kumbuyo, ndipo potuluka anthu ankapita awiriawiri, atatuatatu, aliyense ndi womuyankha. Ine ndinkapatsa moni aliyense mwaulemu wonse, monga amachitira mlendo, m'mudzi umene mchombo wanga unakwiriridwa. Kunyumba ndinkaphika, ndinkadya choimirira, ndinkatsuka mbale imodzi. Nthawi zina ndinkazindikira kuti dzuwa lapendeka ndisanatulutse liwu lililonse, ndiye ndinkatsokomola dala kuti ndione ngati pakhosi pakugwirabe ntchito.

Buku ndinalibisa pansi pa mphasa, kukwiya nalo. Koma nambala ija inakana kutuluka m'mutu. Sate-thu ndi ma eyiti anayi. Sindinaphonye mwachisawawa ayi; ndinapeza gawo limodzi mwa magawo anayi ofanana. Ndiye atatu enawo ali kuti? Ndinawerengetsanso, ndinayezanso ndi mpini, eyiti yemweyo ankandiyang'ana.

M'mawa wina ndinapita kukaima pachitsa cha nkhadze chija, pa ziro wanga, nditayang'ana kamunda kanga ka ngodya zitatu. Nkhungu inali isanachoke m'dambo. Sindikudziwa chimene chinanditembenuza, mwina mphepo. Nditatembenuka ndinaona munda wa achemwali uli tantha kumbuyo kwanga, wososedwa bwino, kumanzere ndi kumunsi, ndipo ndinamva manyazi akukwera kuchokera m'maondo. Munthu wovula chipewa amalowabe m'tchalitchi! Timizere tija sitithamangitsa mayinasi folo, timamulandira. Akayenda mipini inayi kumanzere, wayendabe mipini inayi. Akatsika inayi kumunsi, chimodzimodzi. Buku linajambula mbali zonse zinayi, ndinaziona ndi maso angawa. Koma miyendo yanga, imene moyo wake wonse yalima minda ya eni, ikafika pamalire imaima yokha osauzidwa, ndipo mutu unangotsatira miyendo. Magawo atatu anga osowa aja anali m'munda mwa achemwali.

Munthu wanzeru akanabwerera kunyumba n'kukajambula papepala. Ine ndinathamangira zikhomo.

Amene sanakhalepo kumudzi sangadziwe kuti chikhomo n'chiyani m'nyengo yososa. Nyengo imeneyi ndi imene malire amayenda okha, ndi imene abale obadwa bere limodzi amasiya kupatsana moni chifukwa cha mzere umodzi. Ngakhale kamtengo kongogwa ndi mphepo pamalo olakwika kamafunsidwa kuti wakaika ndani. Ine zonsezi ndinkazidziwa, koma tsiku limenelo ndinali munthu wa masamu. Ndinadumpha malire, ndinayeza mipini inayi kumanzere, ndinakhoma. Ndinabwerera pachitsa, ndinayeza inayi kumunsi. Ndili chiweramire, mwala uli m'manja, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Alamu! Zimenezo ndiye ziti?"

Anali alamu, khasu lili paphewa.

"Ndi masamu, alamu."

"Masamu. M'munda mwa akazi anga."

"Ndi mbali ya mayinasi chabe. Ndikangoona ndizula."

"Mbali ya chiyani?"

"Ya mayinasi. Ndiye kuti, tinene kuti, ndi mbali imene ili kuseri kwa ziro. Poyamba ndinkayesa kuti kulibe."

"Kulibe! Ndakhala ndikudzalamo nyemba zaka zonsezi, inu mukuti kulibe? Nyemba mwadya dzana zija zinachokera kumwamba?"

"Ayi, n'zimene ndikunenazo, alamu, kuti kuliko. Ndinalakwitsa ndine."

"Ndiye mwaona kuti kuliko, mwati mukhomeko." Anatembenukira kumtunda, kumene achemwali ankaunjika mapesi. "Mayi! Tabwerani mudzaone sukulu imene atsegula achimwene anu!"

Achemwali anabwera osafulumira, akupukuta manja pachitenje. Anayang'ana chikhomo cha kumanzere, anayang'ana cha kumunsi, anayang'ana chingwe chili m'manja mwanga. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Achimwene, tinakulandirani bwino," anatero motsitsa mawu. "Ngati pamene tinakupatsani pakuchepa, pakamwa muli napo. Zikhomo n'za anthu odana. Kapena mwayamba kuyezera mwana wanu uja?"

"Mwana wanga sadzalima kuno, achemwali. Inunso mukudziwa."

Ndinafuna kulekera pomwepo, koma pakamwa panapitiriza pokha. Ndinawauza kuti ndi funso la mayeso ake, kuti ndinamupatsa yankho lolakwa, kuti anzake anamuseka chifukwa cha ine, ndi kuti chiyambire pamenepo sanafulashenso. Sindinalankhulepo mawu ambiri chotero kwa achemwali chibwerere changa. Alamu anatsitsa khasu n'kuyamba kuyang'ana chala chawo chakuphazi.

"Ndiye inu mwamuimbira?" anafunsa achemwali.

"Ayi. Kuli eni ake kumene kuja."

"Eni ake! Kodi anabereka ndi amalume akewo? Inu kuwerenga konse kuja, nzeru zake n'zimenezi?" Anapukusa mutu. "Mangani msanga chingwe chanucho, muone chimene mukufuna kuona, muzule anthu asanayambe kudutsa. Sindikufuna kumva dzina langa kuchigayo."

Ndinamanga chingwe iwo ataima pambali, manja kumbuyo, ngati anthu oonerera okumba manda. Kuchokera chikhomo cha kumanja kupita cha kumtunda, cha kumtunda kupita cha kumanzere, kutsikira cha kumunsi, n'kubwerera. Pansi panagona chinthu cha ngodya zinayi choimira pangodya imodzi, chitsa cha nkhadze chili pakati pake penipeni. Timinda tinayi tofanana, kalikonse eyiti. Chinali chokongola, ndipo panalibe womuuza kuti taona kukongola. Ndinazula zikhomo. Alamu anatsala m'mbuyo akufotsera mabowo ndi chidendene, limodzilimodzi, mpaka dothi linaiwala.

Atamaliza anati, "Masewera anuwa muzichitira pakati pa munda wanu." Ndinatsatira malangizowo masiku otsatira, ndipo anthu odutsa anafalitsa kuti aphunzitsi akutsirika munda.

Tsiku la zikhomo lomwelo masana ndinakwera pathanthwe, ngakhale silinali Lamulungu. Ndinayang'ana foni nthawi yaitali, ngati munthu woyang'ana mtsinje wodzaza. Kenako ndinaimba.

"Ababa? Kwagwanji? Ndani?" Sindinaganizeko kuti bambo amene sayamba kuimba akaimba pakati pa sabata, mwana amayesa maliro.

"Palibe wamwalira, mayi. Tonse tili bwino. Ndawapeza atatu aja."

"Atatu ati?"

"Ma eyiti atatu osowa aja."

Anati, ndi mawu ouma, "Ndikudziwa kale. Aphunzitsi anationetsa tsiku lomwelo."

"Anakuonetsani papepala. Koma sanakuuzeni kumene anali. Anali m'munda mwa azakhali ako."

Sanadule foni. Ndiye ndinamufotokozera zonse, za chitsa, za miyendo yanga yoopa malire, za alamu ndi nyemba zawo zochokera kumwamba. Pa nyembapo ndinamva kampweya kakutuluka m'mphuno mwake, kuseka kumene munthu akukukaniza.

"Pepa, mayi," ndinatero. "Ndinakuchititsa manyazi."

"Mpaka pano akumanditchula kuti mwana wa a khasu."

"Vomera. Likhala lako, litha ululu."

"Ababa, musamayankhe zinthu zimene simukuzidziwa."

"Ndikatsatira zimenezo, mayi, ndiye kuti ndisiye kulankhula."

Apa anaseka ndithu, pang'ono. Kenako anati, "Komanso munavutika chabe ndi timinda tinayi. Pali njira yachidule. Kuchokera chikhomo cha kumanzere kufika cha kumanja ndi mipini ingati?"

"Eyiti."

"Cha kumunsi kufika cha kumtunda?"

"Eyiti."

"Chulukitsani, mugawe pakati."

Ndinalemba ndi khala, ndinagawa, ndipo sate-thu anatuluka ngati mbewa yofukizidwa ndi utsi. Ndinafuula. Iye anati ndisafuule, ndimugonthetsa.

Kuyambira pamenepo anayambanso kufulasha, koma mipando inasinthana. Iye ndiye ankafunsa, ine n'kumalakwa, iye n'kumakonza. Ankati akandifotokozera ine chinthu mpaka ndimve, ndiye kuti pamayeso sangachiiwale, chifukwa palibe mphunzitsi amene anavutikapo chotero. Ndinalandira mawuwo ngati chiyamikiro. Tsiku lina anandipatsa ngodya zitatu za munda, iliyonse ndi manambala ake awiri, ndi njira yochulukitsa mopingasa, ndipo ine ndinapeza kuti mundawo kukula kwake ndi mayinasi sikisi. Ndinati umenewu ndiye munda wa mkamwini weniweni, woti ukaulima umatsala ndi zochepa kuposa poyamba. Iye anati ndangozungulira ngodyazo chobwerera, ndiike timizere tija basi, ndisiye ndale.

Ndinkasangalala, koma chisangalalo chake chinali cha munthu wodya mbewu. Ndinkadziwa kuti mayeso ali ndi tsiku lake, ndipo tsikulo likadutsa sipadzakhalanso x kapena y woti atiimire pakati. Nthawi zina ndinkachedwa dala kumva, kuti afotokozenso. Ndikuganiza kuti ankadziwa.

Analemba Loweruka lina, kutatentha kale, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri a kum'mawa. Sitinapangane kuti aimba, koma dzuwa litapendeka ndinakwera pathanthwe. Ndinakhala, ndinaimirira, ndinakhalanso. Kumunsi achemwali ndi alamu ankaunga mizere, makasu awo akukwera ndi kutsika pamodzi. Foni inalira kamodzi n'kuleka. Ndinaimba.

"Silinabwere," anatero, osapereka n'komwe moni.

"Liti?"

"La timizere. Ngakhale limodzi, ababa. Anafunsa za mapaipi odzaza thanki."

"Zikhomo zonse zija! Ndinatsala pang'ono kusudzulidwa kachiwiri chifukwa cha funso losabwera?"

Tinaseka tonse. Ndinamufunsa kuti zinayenda bwanji, anati kaya, zina anatha, zina analota, zotsatira zidzanena zokha. Ndinati wachita bwino. Anati zikomo. Kenako kunagwa chete amene ndinkamuopa uja. Ndinafufuza m'mutu monse kuti ndipeze kafunso kena ka masamu, koma munali mopanda kanthu ngati nkhokwe ya mwezi wa njala. Ndinkamva galimoto zikudutsa kumene anali, ndi wailesi ikulankhula m'nyumba mwa amalume ake. Ndinayamba kukonza mawu otsanzikira, kuti ndisamuvutitse kuyamba iye.

"Ababa."

"Mayi."

"Kodi amayi ankawatha masamu?"

Chiikire maliro, mwanayu anali asanawatchulepo mayi ake kwa ine, ndipo ine ndinali ndisanawatchulepo kwa iye. Ndinakhala pansi.

"Amayi ako? Ankadana nawo ngati njoka. Tsiku la mayeso a masamu a sitandade sikisi anathawa, anakabisala m'nkhokwe ya agogo ako."

"Bodza!"

"Anandiuza okha. Anakhalamo mpaka anzawo ataweruka, ndipo anatulukamo oyera ngati mzukwa, anankafumbwe ali m'tsitsi."

"Koma ine ankandikalipira ndikapeza theka! Ankati iwo ankakhala nambala wani!"

"Nambala wani pothamanga, mwina."

"Ndiye agogo anatani? Anawapeza ndani?"

"Imeneyo ndi nkhani yaitali. Muli mbuzi, muli ndi mphunzitsi wamkulu wa njinga yopanda mabuleki."

"Dikirani, musadule," anatero. "Ndituluke panja, muno muli phokoso."

Ndinamva mpando ukukokedwa, chitseko chikutseguka n'kutsekeka, wailesi ija ikupita kutali. Ndinamva akukhala pansi penapake, mwina pasitepe.

"Eya," anatero. "Yambirani poyamba."